Mmene mungasamukire ku mapulogalamu a open source pa kompyuta yanu

Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Makompyuta ambiri omwe akuyendabe bwinobwino sakutha kulandira Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Kutaya laputopu yoteroyo n'kuwononga chuma. Mapulogalamu a open source, omwe kapangidwe kake kali poyera moti aliyense angathe kuwaunika, kuwakonza ndi kugawira ena, angaiwonjezere zaka zambiri. Imodzi mwa mapulogalamuwa ndi Linux, yomwe imayendetsa kompyuta yonse m'malo mwa Windows. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musasamuke tsiku limodzi.

Yambani ndi mapulogalamu, Windows muisiye kaye

Ambiri amene amagwa mphwayi amakhala kuti anasintha zonse nthawi imodzi, kenako mawa lake akusowa polembera kalata. Choncho pa Windows yomweyo ikani LibreOffice m'malo mwa Microsoft Office, Firefox yotsegulira intaneti, VLC yoonera makanema, ndi GIMP ngati mumakonza zithunzi. Zonsezi ndi zaulere, koma muzitenge pa mawebusayiti a eni ake basi.

Zigwiritseni ntchito milungu ingapo. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo imathanso kusunga ngati .docx. Chikalata chokhala ndi matebulo ambiri chimatha kusokonekera pang'ono maonekedwe, makamaka ngati mtundu wa zilembo zake mulibe pa kompyutayo. Chotumiza kwa ena kuti angowerenga, chisungeni ngati PDF ndipo sichisuntha.

Muonenso ngati pali pulogalamu imene simungakhale popanda iyo. Photoshop ndi Microsoft Office sizinapangidwe kuti ziziikidwa pa Linux. Ngati ntchito yanu yagona pa zimenezi, imani pano. Mwapindula kale.

Sungani mafayilo anu kwina

Zithunzi, zikalata, nyimbo, zonse zikopereni pa hadi disiki ina. Mukatero tsegulani mafayilo angapo pa disikiyo kuti muone ngati akutseguka. Lembaninso mapasiwedi amene munangozolowera kuti kompyuta imakumbukira yokha. Ngati BitLocker, chitetezo cha Windows chokhoma disiki, ndi yoyatsidwa, sungani kiyi yake yotsegulira pamalo ena musanakhudze chilichonse.

Konzani fulashi

Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ili ndi mitundu yambirimbiri. Kwa munthu wochokera ku Windows ndimakonda Linux Mint, chifukwa batani la menyu lili pansi kumanzere pomwe dzanja linazolowera. Imafuna RAM ya 2GB, koma 4GB ndiyo imapereka mtendere. Pa kompyuta yofooka sankhani mtundu wa Xfce, ndi wopepuka. Ubuntu, mtundu wina wa Linux, nayonso ndi yabwino, ndipo mitundu yake ya LTS (yothandizidwa nthawi yaitali) imathandizidwa zaka 5.

Dawunilodani fayilo yoikira Linux Mint, yotchedwa ISO, yomwe ndi pafupifupi 3GB. Pezani fulashi ya 8GB yopanda zofunika, chifukwa zonse zifufutika. Kungokopera fayiloyo pa fulashi sikugwira ntchito: muilembe pa fulashiyo ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher.

Yesani musanaike

Apa ndi pamene pali ubwino wonse, ndipo musathamangire. Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, yatsaninso uku mukudina batani losankhira poyambira. Kawirikawiri ndi F12, F9 kapena Esc, malinga ndi kampani imene inapanga kompyutayo. Sankhani fulashi. Linux itseguka yonse osakhudza hadi disiki yanu, ndipo mukachotsa fulashiyo Windows ibwerera mmene inalili.

Muli mmenemo, yesani chilichonse ndi manja anu. Lumikizani Wi-Fi. Tsegulani kanema mumve ngati mawu akutuluka, mulowetsenso mahedifoni. Dinani mabatani ochepetsa kuwala kwa sikirini. Yatsani kamera, lumikizani pulinta n'kusindikiza tsamba limodzi. Ikhala yochedwerapo chifukwa ikuwerenga kuchokera pa fulashi, musadandaule nazo. Chodetsa nkhawa ndi Wi-Fi yosaoneka n'komwe. Zikatero lumikizani chingwe cha intaneti kapena foni kudzera pa USB, kenako tsegulani Driver Manager muone ngati ikupeza dalaivala yofunika, ndiko kuti pulogalamu yoyendetsa Wi-Fiyo.

Ikani

Zonse zikayenda, lumikizani chaja n'kudina chizindikiro choikira chomwe chili pa sikirini. Mafunso ambiri ndi osavuta: chilankhulo, kiyibodi, dera, dzina ndi pasiwedi. Limodzi lokha ndilo loopsa, lofunsa za disiki. Mungaike Linux pambali pa Windows, n'kumasankha imodzi poyatsa, kapena kufufuta disiki yonse. Ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito ndi a m'banja mwanu, sankhani zoika pambali, mukambirane nawo kaye. Kufufuta sikubwezeka.

Ikatha, chotsani fulashi n'kuyatsanso. Tsegulani Update Manager mulandire zonse zatsopano, kenako Timeshift kuti izisunga mmene kompyuta ilili, kuti china chikalakwika mubwerere pomwe zinali bwino. Dziwani kuti Timeshift simasunga zithunzi ndi zikalata zanu pokhapokha mutaiuza, ndiye hadi disiki ija musaitaye. Mapulogalamu ena muziwatenga mu Software Manager, osati kusakasaka mafayilo a .exe pa intaneti, ndipo musamakopere malamulo mu Terminal, malo olemberamo malamulo a kompyuta, musanamvetse chimene achite.