Momwe mungaonere ludzu la mbewu zanu kuchokera pa setilaiti

Chimanga chamthirira sichinena msanga kuti chili ndi ludzu. Mukaona masamba akupotana masana, dziwani kuti mwachedwa kale. Setilaiti imatha kukutsinani khutu msanga, chifukwa madzi a m'tsamba amamwa kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kotchedwa SWIR, pomwe kuwala kwinanso kosaoneka, kotchedwa NIR, tsamba limakubweza. Muyeso wofananitsa ziwirizi ndiwo NDMI.

Choyamba, musalipire munthu. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zomwe zinayamba kujambulidwa mu 2015 pansi pa pulogalamu ya Copernicus ya ku Ulaya, n'zaulere. Alipo anyamata ena m'tauni amene amakopera zomwezi, n'kumata chizindikiro cha kampani yawo pakona, n'kumagulitsa ku makalabu a alimi ngati kuti setilaitiyo ndi ya bambo awo. Inu chomwe mungawononge ndi bandulo basi.

Tsegulani tsamba la pa intaneti la Copernicus Browser, makamaka pa kompyuta, chifukwa pa foni mudzangopsa mtima. Lembetsani, pezani munda wanu pa mapu, muuzungulize ndi mzere. Sankhani Sentinel-2 L2A ndi tsiku lopanda mitambo. Chithunzi chatsopano chimabwera pa masiku 5 alionse, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba zambiri, choncho njirayi imakoma m'chilimwe.

Tsopano apa mumvetsere, pakuti ine ndinagwa nayo. Pa mndandanda wa kumanzere pali mayina awiri ofanana ngati mapasa: Moisture index ndi NDWI. Ine nditaona W, wa "water", ndinati madzi ndi amenewa, n'kudina NDWI. Manambala a munda wanga wa ku Chikwawa anatuluka onse pansi pa ziro. Thukuta linayamba. M'mawa mwake ndinabwereka pampu, n'kuthira petulo wangongole, n'kuthirira masiku atatu otsatizana mpaka mizere inasanduka dambo ndipo masamba a m'munsi anayamba chikasu.

Chonsecho chimangacho chinalibe vuto. Mu 1996 akatswiri awiri anatulutsa miyeso iwiri yosiyana ndi dzina limodzi lomwelo la NDWI. Wa McFeeters ndi wofufuzira madzi apamtunda monga mitsinje ndi madamu, ndipo ndi umene uli pa batani lija. Pa muyeso umenewu mbewu ikamakondwa kwambiri m'pamene nambala imatsikiratu pansi pa ziro. Wa Gao ndiwo wa madzi a m'masamba, ndipo mbale wake ndi Moisture index, yemwe ndi NDMI uja. Dinani ameneyo, yemwe amagwiritsa ntchito mabandi, kapena kuti zigawo za kuwala, B8A (NIR) ndi B11 (SWIR).

Manambala ake amachokera pa -1 kufika pa 1. Pobiriwira ngati thambo pali chinyontho, pachikasu ndi pofiira m'pouma. Musakhulupirire chithunzi chimodzi. Onani zitatu kapena zinayi zotsatizana kuti mudziwe ngati zinthu zikukwera kapena kutsika. Komanso kadontho kamodzi ndi mamita 20 mbali zonse, ndiye ekala imodzi ndi timadontho pafupifupi 10 tokha. Kadimba ka kuseri kwa nyumba musavutike nako.

Okonda kuwerengera okha, koperani mafayilo ndi bandulo ya usiku, chifukwa chithunzi chathunthu chimayandikira gigabayiti imodzi. Tsegulani mu QGIS, pulogalamu ya mapu yaulerenso, ndipo mu Raster Calculator lembani (B8A − B11) / (B8A + B11). Pa zithunzi zoyambira kumapeto kwa Januwale 2022 muyambe mwachotsa 1000 pa bandi iliyonse. Zopaka mitundu ndi kusindikiza mapu mudzazipeza nokha.

Pamene pafiira, tengani khasu mukakumbe musanalize pampu, popeza dothi losabisika ndi mbewu limafiiranso. Malo ena amene anandisowetsa tulo sabata yathunthu ndinakapeza kuti ndi chulu.