Sikuta yatsopano ikudontha petulo

Achimwene, mwati sikuta yomwe mwangogula ku Chipata ikudontha petulo. Zimitsani injini kaye, muikankhire panja, kutali ndi mbaula. Pukutani ponse ndi kansanza, muyale katoni pansi kuti muone pomwe dontho likugwera.

Kawirikawiri vuto limakhala paipi yochokera ku thanki, chifukwa ena polumikiza njinga samanga bwino kachitsulo kopanira. Paipiyo ikankhireni mkati, mumange kachitsuloko. Petulo akamatulukira pansi pa kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), limbitsani kasikuluu kotayira. Akamadonthabe, mwina float (kachipangizo koyandama mu kabureta komwe kamatseka petulo akadzaza) yakakamira, gogodani kaburetayo pang'ono ndi chogwirira cha sipanala. Thanki yodzaza mpaka pakamwa nayonso imasefukira padzuwa la Okutobala.

Zikakanika, osamata ndi sopo ayi. Tengani lisiti mubwerere kwa wogulitsa waranti isanathe, koma osaikwera, ikwezeni pagalimoto.