Momwe mungadyere chakudya chapamwamba mukapita kum'mwera kwa France

Ngati ulendo wanu ukafika ku Marseille, ku Nice kapena m'midzi ya ku Provence, patulani ndalama yokadyera kamodzi kokha kulesitilanti yapamwamba, ndipo tsikulo musaike zochita zina zambiri. Chakudya chakumeneko sichidyedwa mothamanga, ndipo kukonzekera kwake kumayamba mudakali kunyumba.

Choyamba sankhani malo. Buku la Michelin, limene linayamba kutuluka mu 1900, limapereka nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu kwa malesitilanti ophika bwino. Ku Menton, kufupi ndi malire a Italy, kuli Mirazur ya Mauro Colagreco, imene inalandira nyenyezi yachitatu mu 2019. Ku Marseille, Le Petit Nice ya Gérald Passédat ili pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja ndipo inafika pa nyenyezi zitatu mu 2008. Mumzinda womwewo muli AM ya Alexandre Mazzia, amene anabadwira ku Pointe-Noire m'dziko la Congo-Brazzaville, ndipo zitatu zake anazilandira mu 2021. Kumalo oterewa munthu mmodzi amalipira mayuro mazana angapo, vinyo asanawerengedwe. Ngati thumba silikulola, musade nkhawa. Yang'anani malo a nyenyezi imodzi, kapena okhala ndi chizindikiro cha Bib Gourmand, chimene Michelin imapereka kwa ophika bwino pamtengo wofikirika.

Mukasankha, sungitsani tebulo pa intaneti kukadali milungu ingapo, ndipo malo otchukawo amafuna miyezi, makamaka ngati mukupita mu July kapena August. Ambiri amapempha nambala ya khadi lakubanki, ndipo mukajomba osawadziwitsa amadula ndalama. Pa fomu pomwepo lembani zimene simudya, kaya nkhumba, nkhanu kapena mtedza, chifukwa wophika amakonza zinthu zake inu musanafike. Ine ndimalimbikitsa chakudya chamasana. M'malo ambiri chimatsika mtengo kusiyana ndi chamadzulo, wophika ali yemweyo, komanso nyanja kapena minda ya maolivi mukuiona ndi maso dzuwa likuwala. Chamasana chimayamba cha m'ma 12 koloko ndipo ikamakwana 2 koloko salandiranso alendo. Chamadzulo sichiyamba isanakwane hafu 7. Onaninso masiku, poti ambiri amatseka Lamlungu kapena Lolemba.

Tsikulo valani mwaulemu. Tayi si wokakamiza, koma kabudula ndi mapatapata zisiyeni kuhotela. Mukamalowa, mawu oyamba akhale "Bonjour", kapena "Bonsoir" ngati kwada. Kumeneko munthu wosapereka moni amamuona ngati wamwano, monga momwe ifenso timamuonera.

Mukakhala pansi, pali mawu awiri osokoneza. "La carte" ndi mndandanda wa zakudya zonse, pamene "le menu" ndi zakudya zingapo zotsatizana pamtengo umodzi. Ngati n'koyamba, tengani menu. Kumabwera kaye tizakudya tolawa timene simunaitanitse, kenako mbale zing'onozing'ono imodziimodzi, tchizi, zotsekemera, ndipo khofi amabwera kumapeto payekha. Mbale yoyamba ikamafika mudzaona ngati akuchepetserani, koma dekhani, pofika yachisanu ndi chimodzi mudzakhala mutakhuta. Zonsezi zimatenga maola atatu, nthawi zina kuposa. Wodziwa za vinyo, amene amamutcha sommelier, muuzeni mosabisa ndalama imene mwakonza, iye adzakupezerani woyenera, kaya woyera wa ku Cassis kapena wofiira wa ku Bandol. Ngati simumwa, ingonenani. Madzi a pampopi ndi aulere mukapempha "une carafe d'eau", koma a m'botolo amawerengera. Buledi munyeme ndi manja, ndipo mukamaliza mbale ikani mpeni ndi foloko pamodzi, weta adzadziwa kuti achotse.

Mukakhala ku Marseille, musachokeko musanadye bouillabaisse. Poyamba chinali chakudya cha asodzi, amene ankaphika nsomba zotsala zosagulika pamsika. Mu 1980 eni malesitilanti ena a mumzindawo anagwirizana malamulo a kaphikidwe kake pofuna kuteteza dzina lake. Weta amabweretsa nsomba zathunthu m'mbale yaikulu kuti muzione kaye, pakati pake pali rascasse, nsomba yofiirira yaminga imene imakhala m'miyala ya pansi pa nyanja. Kenako amakuthirirani msuzi wokha, wachikasu chifukwa cha chokometsera chotchedwa safironi, nthunzi ili tolotolo. Mumatenga kachidutswa ka buledi wouma, kukakhutiza adyo, kupakapo rouille, phala lofiirira la adyo ndi tsabola, n'kukaviika mumsuzimo mpaka kafewe. Mukamaliza msuziwo m'pamene nsomba zija zimabweranso, weta n'kuzichotsa minga inu mukuona, ndi mbatatesi pambali. Amene anakulira pa chambo cha kunyanja adzazindikira msanga kuti nsombazo zavuulidwa tsiku lomwelo. Funsani posungitsa tebulo, chifukwa malo ena amafuna muitanitsiretu kapena mukhale anthu awiri. Mukaona bouillabaisse yotchipa kwambiri pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu, pitirirani, poti nsomba zake zenizeni n'zodula.

Bilu sibwera yokha, chifukwa kukubweretserani musanapemphe kuli ngati kukupirikitsani. Nenani "L'addition, s'il vous plaît". Ndalama ya weta ili kale m'kati mwa mtengo, kotero simukakamizidwa kuwonjezera, koma akakusamalirani bwino mukhoza kusiya kenakake patebulo.

Za pobwerera ziganizireni musanapite. Malo ena abwino ali kutali ndi tawuni, monga Auberge du Vieux Puits ya Gilles Goujon m'mudzi wa Fontjoncouse, kapena L'Oustau de Baumanière ku Les Baux-de-Provence, imene inatsegulidwa mu 1945. Misewu yakumeneko ndi yokhotakhota, ndipo lamulo la France sililola kuyendetsa galimoto mowa ukafika magalamu 0.5 pa lita imodzi ya magazi. Konzeranitu takisi, kapena pamene mukusungitsa tebulo funsaninso chipinda chogona, poti malo awiri onsewa ali nazo.