Sipeya yomwe mwangoikitsa pa galimoto yafa msanga: nazi zoti muchite

Mwaikitsa pampu ya madzi Lachiwiri, makaniko mwamulipira, koma pofika Loweruka injini yayambanso kuwira muli pakati pa msewu wa M1. Mukabwerera komwe munagula, wogulitsa akungokulozerani pepala lomwe anamata pakhoma lakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Apa ndi pomwe madalaivala ambiri amagonjera, ndipo zimandiwawa, chifukwa pepala limenelo silingamuteteze munthu amene wakugulitsani chinthu cholakwika.

Lamulo la Competition and Fair Trading Act, lomwe linakonzedwanso mu 2024, limaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika. Palinso Consumer Protection Act ya 2003 yomwe imapatsa wogula ufulu wolandira chipukuta misozi, komanso Sale of Goods Act yomwe imafuna kuti chogulitsidwa chigwire ntchito imene chinagulidwira. Koma malamulowa amakuthandizani ngati muli ndi umboni, ndiye tsatani ndondomeko iyi.

Choyamba, imitsani galimoto. Musanene kuti ndingofika pa Lunzu kapena pa Dedza. Mukapitiriza kuyenda injini ikuwira n'kupsereza gasket, wogulitsa adzati mwaiwononga nokha, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Jambulani pafoni pomwe pakudontha, nyali zomwe zayaka pa dashboard, ndi makilomita omwe galimoto yayenda. Lembani tsiku.

Chachiwiri, dziwani amene mukuyenera kumugwira, chifukwa milandu yambiri imafera pomwepa. Ngati galaji ndi imene inagula sipeya n'kuikanso yokha, nkhani yonse ndi yawo. Asakutumeni kwa amene anawagulitsa. Inu simunapangane naye chilichonse. Koma ambirife timachita zina: timakagula tokha sipeya ku Biwi, ku Limbe kapena ku Ndirande, n'kukampatsa makaniko wapansi pa mtengo. Zikatero pamakhala anthu awiri. Wogulitsa amayankha ngati sipeyayo inali yolakwika, makaniko amayankha ngati anaimanga molakwika. Ndipo aliyense adzaloza mnzake chala. Wogulitsa adzati makaniko wanu anaimanga mokakamiza, makaniko adzati munagula feki.

Ndiye chachitatu n'chofunika kwambiri: musalole makaniko wina kumasula chilichonse awiriwa asanaone. Aimbireni tsiku lomwelo, ndipo muwatumizirenso uthenga pa WhatsApp kuti pakhale cholembedwa. Akakana kubwera kapena akayamba kukankhirana, pamenepo ndi pomwe mupite kwa makaniko wachitatu wodziwika bwino, makamaka galaji yomwe ingakulembereni pa pepala lake chomwe chapha sipeyayo. Sipeya yakufayo muisunge nokha pamodzi ndi bokosi lake. Ngati wogulitsa akufuna kukaiyesa, ijambuleni kaye manambala ake ndipo asayinire kuti watenga.

Chachinayi, sonkhanitsani mapepala. Lisiti ndiye mboni yaikulu. Ngati sanakupatseni, musataye mtima: uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena wa kubanki, umaonetsa tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira. Munthu amene munali naye pogula nayenso ndi mboni.

Ndinenepo za masipeya akale, aja omasulidwa m'magalimoto a ku Japan kapena obwera kuchokera ku Dubai. Simungayembekezere kuti alternator yakale ikhalitse ngati yatsopano, ndipo aliyense woweruza nkhaniyi adzaganizira zimenezo. Komabe ngati anakuuzani kuti ikugwira bwino koma yafa patatha masiku atatu, kapena anakugulitsani yakale akunena kuti ndi yatsopano, kapena yabodza akunena kuti ndi ya Toyota yeniyeni, pamenepo anakunamizani ndipo mlandu ulipo. Pogula zoterezi, makamaka zamagetsi zomwe ogulitsa amakonda kukana, auzeni alembe palisiti masiku a galanti amene mwagwirizana.

Chachisanu, lembani kalata yaifupi. Nenani zomwe munagula, tsiku, mtengo, tsiku lomwe zinafa, ndi chomwe mukufuna: akonze, asinthe kapena abweze ndalama. Ngati munalipira galimoto yokoka kapena makaniko kachiwiri, ikanimo ndi malisiti ake. Apatseni masiku owerengeka, mwachitsanzo asanu ndi awiri. Lankhulani mwaulemu, wogulitsa amene mwamuchititsa manyazi pamaso pa makasitomala amauma mutu, pomwe amene mwamuitanira pambali n'kumuonetsa mapepala nthawi zambiri amasintha sipeyayo kuti nkhani ithe.

Akakanabe, kadandauleni ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC. Likulu lake lili ku Lilongwe ndipo kudandaula n'kwaulere. Pansi pa lamulo la 2024, bungweli lili ndi mphamvu zolamula wamalonda kubweza ndalama komanso kumulipiritsa chindapusa. Atumizireni makope, mapepala enieniwo musunge. Bungwe loimira ogula la CAMA likhozanso kukulangizani, ndipo ngati mukukayikira kuti sitoloyo yadzaza ndi masipeya abodza, dziwitsani a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu, chifukwa mabuleki a feki amene anakuchitirani chifundo inu akhoza kupha anthu mu minibasi mawa.

Khoti la majisitireti ndi njira yomaliza, ndipo mapepala omwewo ndi amene mudzapite nawo. Koma ngati sipeyayo inachititsa ngozi, wina n'kuvulala, musayambire kusitolo. Tengani lipoti la apolisi, dziwitsani kampani yanu ya inshuwalansi mwamsanga, ndipo muonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau musanasayinire pepala lililonse lomwe wogulitsa kapena galaji ingakupatseni.