Kwa anzanga a pa koleji kuno ku Mangochi amene Baibulo likukukanikani

Ine ndinasiya zowerenga Baibulo usiku, ndi kutentha kwa kuno plus ma assignment umangotsegula vesi imodzi basi tulo, foni pankhope. Ndiye pano ndimadzuka azana ikamalira ku mzikiti m'bandakucha, alamu yaulere imeneyo aise, kunja kukadali kozizirira ndipo ma roommate ali mkonono.

Yambani ndi Marko, machaputala 16 okha, chimodzi patsiku masabata awiri ndi masiku awiri mwamaliza. Chichewa cha Buku Lopatulika chikakuvutani (lija ndi la 1922 paja, mawu ena ngakhale agogo amayamba aima kaye) tsegulaninso Buku Loyera pa ndime yomweyo, zimamveka bwino.

Chinanso khalani ndi kakope ka mafunso. Mnzanga wachisilamu anandifunsa tikudya chips kuti zoti Mulungu ndi mmodzi koma atatu zimatheka bwanji, ine kakasi, ndinangoti ndikuyankha mawa. Osapsa mtima kapena kuyamba makani, lembani funsolo mupite nalo ku SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu lija) kapena kwa abusa kaya abambo mfumu Lamulungu, ndipo muwauze kuti akuonetseni ma vesi ake osati kungoti khulupirira basi.