Mmene Mungadyere Tende Popanda Kuchulutsa Shuga M'thupi

M'mwezi wa Ramadan zipatso za tende zimachuluka m'mashopu muno mu Chipata, ndipo ngakhale anthu amene si Asilamu amazigula, ena n'kumadya mosawerengera poganiza kuti chipatso sichingavulaze munthu. Tende zimabala pa mtundu wa kanjedza wolimidwa m'maiko otentha ndi ouma monga Egypt, Saudi Arabia ndi Iran, ndipo zimafika kuno zitafota kale, madzi ambiri atachoka n'kutsala shuga.

Choyamba ndi kudziwa kuchuluka kwa shugayo. Mu magalamu 100 a tende zazikulu zofewa zotchedwa Medjool muli shuga pafupifupi magalamu 66, pamene mu magalamu 100 a mango akupsa muli pafupifupi 14 okha. Chipatso chimodzi cha Medjool chili ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono anayi, choncho amene wadya zitatu atakhala pakhonde madzulo wameza masipuni khumi ndi awiri, shuga amene sakanayerekeza kuthira m'kapu ya tiyi. Tende zing'onozing'ono zolimbirapo za mtundu wa Deglet Noor zili ndi sipuni imodzi ndi pang'ono pa chipatso chilichonse. Werengani zimene mudye, muziike pambale, paketi muitseke musanayambe kudya.

Pogula, werengani zolembedwa papaketi, chifukwa tende zina zimapakidwa madzi a shuga kuti zizinyezimira, ndipo zimenezo ndi bwino kuzisiya. Timibulu toyera touma timene timaoneka pakhungu la tende zokhalitsa kawirikawiri ndi shuga wa chipatsocho amene watulukira kunja, koma mukaona zangati thonje kapena mukamva fungo losasa, tayani.

Njira imene ndimaikonda ndi yodyera tende pamodzi ndi nsawawa zokazinga, zomwe kuno kwathu sizisowa. Ng'ambani chipatso, chotsani njere yake yaitali ija, ndipo m'malo mwake muikemo nsawawa zitatu kapena zinayi. Mafuta a nsawawa amathandiza kuti shuga asalowe m'magazi mofulumira kwambiri, komanso munthu amakhuta msanga. Paphala la ana, viikani tende ziwiri zochotsa njere m'madzi otentha kwa mphindi khumi, muzikanye ndi sipuni mpaka zisalale, kenako muzisakanize m'phalamo; mukatero musathirenso shuga wa m'paketi. Anawo atsuke mano akatha kudya, pakuti tende zimamatirira.

Kwa odwala matenda a shuga, mawu akuti "shuga wachilengedwe" asawanyenge. N'zoona kuti tende zili ndi mchere wofunika m'thupi wotchedwa potaziyamu ndi zina zothandiza kugaya chakudya m'mimba zimene shuga woyera alibe, koma shuga wake amakwezabe mlingo wa m'magazi. Afunse kaye kuchipatala kumene amalandira mankhwala, ndipo ngati ali ndi kamakina koyezera, adziyeze asanadye komanso patapita maola awiri atadya chipatso chimodzi.