Mmene mungajambulire filimu ya zithunzi za pamakoma ku Kasungu

Mukamayenda mumsewu wa M1 kuchokera pa Chinkhoma kulowera pa boma la Kasungu, mumaona mutu wometedwa bwino pakhoma la babashopu, mbuzi yonenepa pakhoma la butchala, ndiponso mayina a matimu a mpira amene anyamata analemba ndi makala. Zithunzi zimenezi sizikhalitsa, chifukwa mvula imazifufuta kapena kampani ina imabwera kudzapaka penti yotsatsa malonda ake. Ku New York, achinyamata ankajambula pa sitima za mumzinda m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 1989 sitima zonse zojambulidwazo zinali zitachotsedwa panjanji, ndipo lero timaziona kudzera m'zithunzi zimene anajambula Martha Cooper ndi Henry Chalfant komanso mu filimu ya Style Wars ya 1983. Ntchito yosunga yotereyi mungathe kuigwira kwathu kuno ndi foni yokha.

Choyamba, pemphani chilolezo kwa mwini nyumba, ndipo ngati muli kumudzi muyambe mwaonekera kwa amfumu. Kenako fufuzani amene anajambula khomalo. Amisiri ambiri amasiya dzina kapena nambala ya foni m'munsi mwa chithunzi, choncho sasowa. Apa ndi pamene ndikupempha kuti mufatse kwambiri, pakuti filimu yoonetsa makoma okhaokha imatopetsa, koma mmisiri akayamba kufotokoza kumene anaphunzira, mmene amasungunulira penti ndi thina, ndiponso chifukwa chake anakuza maso a mbuzi ija kuposa mmene amakhalira, woonera sachoka pampando. Mulankhuleni mwaulemu kuti "bambo" kapena "mayi", musamudule mawu, ndipo mugwirizane za kangachepe musanayambe, chifukwa tsiku limene mwamutengeralo akanapeza ganyu kwina.

Jambulani m'mawa kapena dzuwa likapendeka, popeza dzuwa la masana, makamaka mu Okutobala, limayeretsa mitundu yonse. Foni muigwire chopingasa ndi manja awiri, muyambe ndi khoma lonse pamodzi ndi anthu odutsa, kenako muyandikire mpaka mizere ya burashi ioneke. Pocheza ndi mmisiri, talikiranani ndi chigayo ndi siteji ya njinga za kabaza, chifukwa mawu akasokonezeka sakonzeka. Lembani m'kope malo, tsiku ndi dzina la wojambula aliyense.

Musaiwale amayi a m'midzi amene amakongoletsa makoma a nyumba zawo ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Amenewa muwapeze mvula isanalimbe.

Filimu ya mphindi 10 ndi yokwanira. Poionetsa, sankhani tsiku la msika, pemphani holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, ndipo tsukitsani zithunzi zingapo n'kuzipachika pachingwe ndi mapegi, chilichonse ndi dzina la mwini wake m'munsi. Amisiriwo muwaitane, akhale kutsogolo, ndipo mafunso a anthu ayankhe okha.